Musanatukwane dalaivala, funsani kuti thirakiyo yalowa bwanji m'chiperoni

July wathayu ndinapempha lifiti kwa malume anga, kuchoka pa Chitakale kupita ku Limbe. Malumewo amayendetsa thiraki ya bwana wina amene sindimutchula pano, ndipo tsikulo anali atanyamula matumba a chimanga kuchokera ku Muloza. Tinapangana kuti 4 koloko m'bandakucha tikhale tili pamsewu. Tinanyamuka 5 itadutsa, chifukwa injini inakana. Ankati akapotokola kiyi, chimangolira mofooka ngati mbuzi yodwala, kenako zii. Tinachita kukadzutsa dalaivala wina amene anagona pafupi kuti atibwereke moto wa mabatire ake.

Tisanafike n'komwe pa Nkando, chifunga chinali chitatseka. Kunja kukuwaza kamvula kaja kosanyowetsa msanga, m'katimo galasi lakutsogolo lachita nthunzi mpaka kuyera. Malume anandiponyera kansanza. "Ntchito yako ndi imeneyo mphwanga, uzipukuta mbali yangayi." Ndinafunsa kuti bwanji osangoyatsa heater kuti iumitse galasi. Anaseka, n'kuyatsa kuti ndidzionere ndekha. Inatulutsa mphepo yozizira ngati ya m'filiji.

Ndiye pakati pa kupukutako, patsogolo pathu panangotulukira njinga. Bambo wakabaza, kumbuyo atakweza mayi wa dengu pamutu, opanda nyali, opanda chonyezimira chilichonse. Malume anakhotetsera kumanja, thiraki inapendama n'kubwerera. Palibe anavulala. Wakabazayo mwina mpaka lero sadziwa kuti imfa inamudutsa pamtunda wosakwana mkono. Tinayenda mwina mphindi zisanu osalankhulana. Kenako malume anati, "Tikanamugunda, mawa bwenzi nkhope yanga ili pa Facebook, anzako akulemba kuti madalaivala a mathiraki ndi afiti."

Sananame. Ifeyo a mafoni ndife oyamba kufika pangozi, ndipo chigamulo timapereka ambulansi isanafike: anali ataledzera, amathamanga, anagona. Nthawi zina zimakhala zoona, sindikukana. Koma tsiku limene lija ndinaona ndi maso anga kuti ngozi yathu ikanachitika, ikanakhala itayambira kutali, mugalaja, miyezi ingapo m'mbuyomo, pamene munthu wina amene sakwera n'komwe thirakiyo anagamula kuti ku Malawi kulibe chisanu choti n'kukonzekera.

Maganizo amenewa ndi ofala, ndipo ali ndi pogwira. Mukaonera mavidiyo a madalaivala a ku Canada kapena ku Russia pa TikTok, mumaona akumanga matcheni kumatayala, akuthira mankhwala mudizilo kuti asaundane, akulumikiza injini kumagetsi usiku wonse kuti isazizire. Zimenezo si zathu. Dizilo amayamba kuchita phula ndi kutseka mafyuluta kukazizira mpaka pamene madzi amaundana kapena kupitirira apo, ndipo pa Chitakale kapena pa Limbuli sikufika pamenepo. Chisanu chotere muno m'boma mumakachipeza pamwamba pa phiri, kufupi ndi Sapitwa, mamita 3,002 kuchokera pamlingo wa nyanja, kumene thiraki sipita. Ndiye bwana akamva zoti galimoto ikonzekere nyengo yozizira, amaona ngati ndi zachizungu zongofuna kumudyera ndalama.

Koma ife tili ndi chathu. Kuyambira May mpaka August, mphepo yachinyezi yochokera kunyanja ya mchere ya India imalowa kudzera ku Mozambique, n'kudzagunda mapiri a kuno kummwera. Dzina lakuti chiperoni linachokera ku phiri la Chiperone, m'chigawo cha Zambezia, kummwera kwa Milange, chifukwa makolo ankaona mitamboyo ikubwera kuchokera mbali imeneyo. Chikafika chimatha kukhala masiku atatu, anayi, ngakhale sabata: chifunga, mawawa, kuzizira kolowa m'mafupa. Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Blantyre ndiwo amachilandira kwambiri. Ndi chinyezi chomwechi chimene chimathandiza kuti tiyi asaume m'miyezi yopanda mvula, ndiye tisachitukwane kwambiri. Koma pamsewu, chiperoni chimachita zinthu zitatu nthawi imodzi: chimakutseka maso, chimanyowetsa phula lokhala ndi fumbi ndi mafuta mpaka kuterera ngati therere, ndipo chimatulutsa poyera matenda onse amene galimoto inkabisa kukutentha.

Tiyambe ndi heater ya malume ija, chifukwa nkhani yake ndi imene inandipsetsa mtima kwambiri. Mu injini muli kachipangizo kakang'ono kotchedwa thermostat. Ntchito yake ndi kutseka njira ya madzi opita ku radiator mpaka injini itenthe kufika pamlingo wake, omwe m'ma injini ambiri ndi pakati pa madigiri 80 ndi 90, kenako n'kumatsegula pang'onopang'ono. Pano pali chizolowezi chimene aliyense wodziwa magalaja athu akuchidziwa: galimoto ikangoyamba kutentha, makaniko amachotsa thermostat n'kuitaya, amvekere, "Izi anapangira kwawo kozizira, kuno sizifunika." Vuto lenileni, kaya ndi radiator yotsekeka, kaya ndi fani, kaya pampu ya madzi, limasiyidwa pomwepo.

Mu October simuona cholakwika. Mu July, m'bandakucha, madzi amangozungulira osatentha. Injini yozizira imamwa dizilo wambiri, imafuka utsi, imatha msanga. Ndipo popeza heater imatenga kutentha kwake kumadzi omwewo, imapuma mphepo yozizira. Popanda mphepo yofunda, nthunzi ya mpweya wa anthu awiri kapena atatu m'kabini imamatirira pagalasi. Mapeto ake ndi amene ndinawaona: munthu akuyendetsa matani ochuluka ndi dzanja limodzi, lina likupukuta galasi, kapena watulutsa mutu pawindo ngati akuyendetsa ngolo. Kachipangizo kameneka mtengo wake sufika ngakhale pa tayala limodzi la thirakiyo. Kuchokera pa kachitsulo kotayidwa kuseri kwa galaja kukafika pa mayi wa dengu uja, njira yake ndi yowongoka.

Za batire sindichulutsa. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto ngati ya petulo. Imadalira kupanikiza mpweya mpaka utenthe kuti dizilo ayake yekha. Kukazizira, zitsulo zimamwa kutenthako, oyilo amalemera, ndipo batire nayo mphamvu zimatsika. Mathiraki akuluakulu ambiri amayendera mabatire awiri a mavolti 12 olumikizidwa kuti apereke 24, ndiye imodzi ikatopa imakoka inzake. Batire imene inkalimbalimba mu March imagwa mu June. Kuyeza batire, kutsuka mitu yake, kuona ngati ma glow plug kapena chotenthetsera mpweya chikugwira pa injini zimene zili nazo, ndi ntchito ya ola limodzi. Zikapanda kuchitika, dalaivala amapeza njira zake. Ena amaimika thiraki pamtsetse usiku kuti m'mawa aigwetse ilire yokha, kutanthauza kuti galimoto yolemera ikuyamba kuyenda mpweya wa mabuleki usanadzaze. Ena amasonkha moto pansi pa injini kuti oyilo afewe. Moto, pansi pa galimoto yodontha dizilo. Tangoganizani.

Mabuleki ndiye nkhani imene ambirife sitiidziwa. Thiraki yaikulu imagwira mabuleki ndi mpweya wosungidwa m'matanki. Mpweya ukapanikizidwa umatulutsa madzi, ndipo m'nyengo yachinyezi ngati ya chiperoni madziwo amachuluka. Pali chipangizo chotchedwa air dryer chimene chimayenera kuumitsa mpweyawo, koma chili ndi moyo wake, chimafuna kusinthidwa. Chikatha, madzi amadzaza pansi pa matanki, kudya malo a mpweya, kuchititsa dzimbiri m'mavalavu. Pansi pa thanki iliyonse pali kampopi koti dalaivala akoke tsiku ndi tsiku madziwo atuluke. Kumeneko n'kwaulere, ndipo dalaivala amene sachita zimenezi alibe pothawira, mlandu ndi wake. Koma akakoka n'kuona madzi osakanikirana ndi oyilo akutuluka tsiku lililonse, ameneyo ndi uthenga wopita kwa mwini galimoto. Funso n'lakuti uthengawo ukafika, bwana amayankha chiyani. Malume akuti yankho limene analizolowera ndi lakuti, "Pita kaye ulendo uwu, tikaona ukabwera."

Tiyeni tiwerengere limodzi, masamu ake ndi a sitandade 7. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Dalaivala akaona chinthu, kuti ubongo ugamule ndi phazi lifike pa buleki, pamatha sekondi imodzi ndi theka. Amenewo ndi mamita 25 atapita, buleki isanayambe n'komwe kugwira. Onjezani kachedwedwe ka mpweya kuti ufike kumatayala akumbuyo, onjezani kulemera kwa katundu, phula lonyowa, matayala osalala ngati mutu wa dazi. Tsopano ngati chifunga chikukulolani kuona mamita 30 okha, ndiye kuti chilichonse chimene mwachiona mwachigunda kale. Apa palibe luso la dalaivala limene lingapulumutse munthu, kupatula kuchepetsa liwiro mpaka pamlingo woti aime m'kati mwa mtunda umene akuuona. Ndipo dalaivala amene wachedwa ndi ola lathunthu chifukwa cha batire, foni ya bwana ikulira mphindi khumi zilizonse, ndi amene sachepetsa liwiro.

Ndipo taonani amene ali m'mbali mwa msewu nthawi imeneyo. Kaya mwadzera msewu wa Midima, umene mu 2006 anaupatsa dzina la Robert Mugabe, kaya mwadzera wa M2 wodutsa pa Luchenza ndi Thyolo ndi makona ake ndi zitunda zake, 5 koloko m'mawa msewu ndi wa anthu oyenda pansi. Ogwira ntchito m'maesiteti a tiyi, amayi opita kumsika wa Limbuli kapena Chitakale ndi madengu a nthochi ndi zinanazi, akabaza, anyamata a makala atamanga matumba atatu panjinga, ana asukulu atapinda manja m'majuzi. Ambiri avala zakuda chifukwa cha kuzizira, ena afunda chitenje kumutu moti samva n'komwe galimoto ikubwera. Tiyi amathyoledwa kwambiri m'dzinja, zoona, koma mathiraki sapuma m'miyezi yozizira: tiyi wopita ku Limbe, mitengo ya bulugamu yopita kumafakitale, chimanga cholowera pa Muloza, kenako nandolo akayamba. Anthu amenewa ndi mathiraki amenewa amagawana kamsewu kamodzi, m'chifunga chimodzi.

N'chifukwa chake nyali si zokongoletsera. Mwaonapo thiraki ya diso limodzi usiku, n'kumaganiza kuti ndi njinga yamoto mpaka itakufikani? Mwaonapo ngolo yakumbuyo yopanda nyali ngakhale imodzi, zonyezimira zake zitakwiririka ndi matope a chaka chatha? M'chifunga, minibasi yobwera kumbuyo imaiona thiraki yotere itafika kale pansi pake. Palinso kulakwitsa kumene madalaivala ambiri, ngakhale a magalimoto ang'onoang'ono, amachita: kuyatsa nyali zazitali poganiza kuti aona patali. Kuwalako kumagunda timadontho ta chifunga n'kubwerera m'maso mwako, umangoona khoma loyera. Zofunika ndi nyali zazifupi, ndi za chifunga ngati zilipo. Mababu, mafyuzi, mphira za mawaipa zimene dzuwa la October linaziumitsa, madzi otsukira galasi: zonsezi pamodzi ndi ndalama yochepa kuposa imene bwana amawononga Loweruka limodzi.

Thiraki ikafera pamsewu, mwambo wathu mukuudziwa. Mnyamata wothandizira amathyola nthambi n'kuziyala paphula. Masana kukuwala, nthambi zimathandiza ndithu. Koma tsamba silinyezimira. M'chifunga cha m'bandakucha, nthambi yobiriwira paphula lakuda ndi chimodzimodzi kusaika kanthu. Malamulo apamsewu amafuna kuti galimoto ikhale ndi mathirayango ochenjeza, ndipo ambiri amakhala nawo, koma amawasungira apolisi apamsewu. Amawatulutsa pa rodibuloko, osati pamene afera. Ena amaopa kuti akawaika patali abedwa. Ndiye amawaika mamita awiri kuchokera pa thiraki, pamene wobwerayo akawaona amakhala atalowa kale.

Pali chinanso chimene sichioneka pa vidiyo iliyonse. Heater ikafa, kabini usiku imazizira ngati mtsuko. Dalaivala wogona pa boda ya Muloza kudikira mapepala amafuna kufunda, ndipo ena amalowetsa mbaula ya makala m'kati, mawindo atatseka. Makala akamayaka mosakwanira mpweya amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu. Munthu amangomva mutu kulemera, tulo tabwino, osadzukanso. Ngati muli ndi bambo, malume kapena achimwene oyendetsa thiraki, atumizireni ndime ino yokha pa WhatsApp, zinazi asiye. Bulangete lachiwiri ndi jekete n'zotchipa kuposa bokosi.

Kwa amene amadutsa malire, nkhani imakula. Madalaivala athu amatuluka pa Mwanza, kudutsa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Johannesburg mpaka Durban. Kumeneko chisanu si nthabwala. Mu September 2024 chipale chofewa chinatseka msewu waukulu wa N3 kudera la Van Reenen's Pass, magalimoto ndi mathiraki anagona pamsewu usiku wonse, ndipo panatayika moyo chifukwa cha kuzizira. September, mwezi umene kuno timakhala tayamba kudandaula kutentha. Thiraki yochoka kuno itathiridwa madzi a pamjigo mu radiator m'malo mwa coolant ikakagona kumalo otere, madziwo akhoza kuundana n'kung'amba injini. Ngakhale isapite kutali, madzi wamba amadya radiator ndi dzimbiri, radiator imatsekeka, galimoto imayamba kutentha, makaniko amachotsa thermostat. Mwaona mmene nkhaniyi imazungulira n'kubwerera pomwe paja?

Tsopano ndiwamvere eni magalimoto, chifukwa nawonso si kuti akusambira mundalama. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Pafupifupi chilichonse cha pa thiraki, kuyambira fyuluta mpaka tayala, chimachokera kunja ndipo chimafuna ndalama zakunja zimene zikusowa. Mabuku a kwa azungu amati m'nyengo yozizira thanki izikhala yodzaza kuti m'kati musachite mame osanduka madzi mudizilo. Langizo labwino, koma kuuza munthu amene wagona masiku awiri pamzere wa mafuta kuti azidzaza thanki ndi chipongwe. Ambiri amathera kugula dizilo wa m'zigubu, amene sudziwa kuti wadutsa muti, ndipo kumeneko ndiye kofunika kukhetsa madzi pa fyuluta pafupipafupi ndi kuyenda ndi fyuluta yapadera. Zonsezi ndikuzimva.

Koma ndi chifukwa chomwecho chimene ndikukanira kuti kusakonza galimoto n'kupulumutsa ndalama. Injini yoyenda yozizira ikuwotcha dizilo yemweyo wosowayo. Thiraki yofera pa Thuchila ikudya tsiku lathunthu, ndalama ya makaniko wochokera ku Limbe, ndi kasitomala amene sadzabweranso. Ndipo bwana akamapereka dizilo woyeza ndendende ngati mchere, n'kumati wotsala ukamusowa udula pamalipiro ako, akuphunzitsa dalaivala kuika giya pa free pamtsetse kuti apulumutse malita awiri. Thiraki yodzaza, pa free, pamitsetse ya ku Thyolo, paphula lonyowa: injini sikuthandizanso kugwira, mabuleki okha ndiwo akusenza zonse mpaka atenthe n'kusiya kugwira. Bwana sanagwire chiwongolero, koma ndi iye wayendetsa.

Dalaivala angakane? Pamapepala, inde. M'moyo weniweni, kunja kwa geti kuli anyamata khumi a malaisensi akudikira kiyi yemweyo. Malume ali ndi ana anayi pasukulu. Akati galimoto sili bwino sindipita, mawa akhala pakhonde. Ndiye tikamati madalaivala asinthe khalidwe, tikulankhula ndi munthu amene mphamvu zake pankhaniyi ndi zochepa kuposa wina aliyense.

Amene ali ndi mphamvu ndi ena. Makampani akuluakulu amene amapereka katundu, kaya a tiyi, kaya ogula mbewu, akhoza kunena kuti thiraki iliyonse yolowa pageti pawo kuyambira May iyatse nyali zonse, ipukute mawaipa, ionetse matayala ndi mathirayango, apo ayi sinyamula. Zimenezi zingasinthe zinthu msanga kuposa msonkhano uliwonse wa kuhotela, chifukwa bwana amamva chinenero cha katundu wotayika. A Directorate of Road Traffic and Safety Services amapereka chiphaso cha COF, koma chiphaso ndi chithunzi cha tsiku limodzi. Galimoto yopimidwa mu January si yomweyo mu July, makamaka ngati matayala a tsiku lopimitsa anali obwereka, zimene tonse timamva kuti zimachitika. Apolisi apamsewu akaimitsa thiraki m'miyezi ino, kuwonjezera pa mapepala, atati azizungulira kumbuyo n'kumuuza dalaivala aponde buleki aone ngati nyali zikuyaka, sizingawatengere mphindi ziwiri. A Roads Authority nawo, mizere yoyera ya pakati ndi m'mbali mwa msewu ndiyo maso a dalaivala m'chifunga. Ikafufutika, amangoyendera chikumbumtima.

Nthawi yochitira zonsezi ndi April ndi May, mvula itangosiya, chiperoni chisanafike. M'mera mpoyamba. A nthambi yoona zanyengo amalengeza chiperoni chikamabwera, pawailesi ndi pa Facebook pomwe, kotero palibe anganene kuti chinamudzidzimutsa. Bwana amene amadziwa kutsata thiraki yake pafoni kuti yaima pati, angathenso kuwerenga kuti mawa ku Mulanje kuli chifunga n'kuuza dalaivala kuti anyamuke kukayera.

Ifenso a mafoni tili ndi kagawo kathu. Ambirife tili ndi mbale wakabaza. Kachovala konyezimira ndi kanyali kakumbuyo n'zotchipa kuposa bandulo ya mwezi. Ndipo tsiku lina mukafika pamalo angozi foni ili m'manja, musanalembe kuti dalaivala ndi mfiti, jambulaninso matayala. Jambulani nyali zakumbuyo. Funsani kuti thirakiyo ndi ya ndani, ndipo inalowa liti mugalaja komaliza.

Sabata yatha ndinawaimbira malume kuwafunsa ngati thermostat ija inabwezeretsedwa. Anati bwana akuti aona mwezi wamawa. Mabatire anasintha imodzi, inayo akuti ikadali bwino. Ndinafunsa kuti nanga galasi muzitani chaka chino. Anati agula tawulo latsopano pa Limbuli, lalikulupo kuposa kansanza kaja, ndipo ngati ndili ndi ulendo wa ku Limbe ndiwauze, mpando ulipo.